Tsiku Limene Mzere Unandithawa

Ikani mafoni pansi, ana inu. Iwe Dalitso, ndati pansi, osati pantchafu pomwe uziyang'anabe ndi diso limodzi. Ndinakumvani dzulo muli pakhonde apo. Mumayesa agogo makutu anatha, eti? Makutu anga amangosankha, sanathe. Ndinamva Chisomo akuti Lachinayi ndi holide, tigone mpaka dzuwa lifike pamutu, kenako tikaotche nyama kwa anzathu ku Chainda. Ndinamvanso iwe Dalitso ukuti mzere umatalika, ndiponso andale ndi akuba, "bonse ni bakawalala chabe, nizavotela ndani?" Mwandikwiyitsa, ana inu, ndipo sindikubisirani. Khalani pansi mumve, amene akufuna kutuluka atuluke ndikamaliza.

Ine ndinabadwira muno mu Lusaka, koma bambo anga, a Yohane, anachokera ku Nyasalande wapansi. Wapansi, Chisomo, osati pa basi ya mipando yogona ija unakwera chaka chatha n'kubwera ukudandaula msana. Iwo bulangete paphewa, kachitini kophikira m'manja, akafika pa famu ya mzungu agwire ntchito mwezi, apezeko mphamvu, ayambenso ulendo. Atafika kuno anakhala kukhi kumayadi. Nthawi ya azungu voti inali ya anthu a sukulu ndi a chuma, kukhi ntchito yake inali kuphikira ovota. Ufulu utabwera tinavina mpaka zidendene kung'ambika, bambo n'kumati tsopano nanenso ndawerengedwa. Koma popereka zitupa, zija mumati reji, ife obadwira kuno anatipatsa zobiriwira, iwo anawapatsa yapinki, ya mlendo. Munthu woti imvi zinamerera muno, mano anathera muno. Sanavotepo moyo wawo wonse, kuno ayi, kwawonso ayi.

Tsiku limene ine ndinakavota koyamba, bambo anadzuka tambala asanalire, nasita jekete lawo ndi simbi yamakala. Inu simbi imeneyo simuidziwa, magetsi akazima mumangovala zokwinyika n'kumatukwana. Anandiperekeza mpaka pasukulu, iwo n'kuima kunja kwa waya, chipewa m'manja, kuyambira m'mawa mpaka masana. Nditatuluka anandifunsa kuti, "Mwana wanga, m'katimo muli chiyani?"

Ndinati, "Muli bokosi, bambo, ndi pensulo yomangidwa pachingwe."

"Basi?"

"Basi."

Anaseka mpaka kugwira waya, kenako ndinaona akupukuta m'maso ndi chipewa chija. 

Patapita zaka, zipani zina zonse anazitseka, kunatsala chimodzi. Inu mukuti mulibe womusankha pomwe pepala lanu ndi lalitali ngati mpango, mayina mbwee. Ife pa pepala la pulezidenti panali munthu mmodzi yekha. Ukafuna kunena inde unkachonga pa nkhwazi, ukafuna kunena ayi unkachonga pa chule. Taganizani, chule! Ndani angatuluke m'nyumba, kusamba, kudzola mafuta, kukaima padzuwa kuti akavotere chule? Anachita dala. Panali mdala wina wosoka nsapato pamsika amene ankati iye amavotera chule chifukwa ndiye amaitana mvula, koma ankanena motsitsa mawu, chifukwa anyamata a chipani ankaima pageti la msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani, ndipo makutu awo anali ataliatali. Komabe panali pepala lachiwiri, la phungu wa kunyumba ya malamulo. Pamenepo ankaima anthu atatu a chipani chomwecho, aliyense ndi chithunzi chake, wina khasu, wina ambulera, wina wilibala. Apo ndiye tinali ndi mano. Phungu akatitopetsa tinkatha kumugwetsa, ndipo ena anagwadi.

Nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa ndi agogo anu aamuna, Ba Lazalo, amene mumangowadziwa pachithunzi chili pakhomacho. Anali Mubemba wa kumpoto, wamtali, wosakonda kuyankhula, wowotcherera zitsulo kumafakitale. Sitinkakhala kuno ku Mtendere. Tinkakhala komboni ina kumadzulo kwa tauni, dzina sinditchula, muli abale anu kumeneko. Nyumba ya zipinda ziwiri, njerwa zadothi, malata otsikiza ndi miyala kuti mphepo isawatenge. Ine ndinkakazinga vitumbuwa ndi kufulula munkoyo, thobwa la kuno lija, n'kumagulitsa pakhomo la msika. Amayi anu anali ndi zaka zinayi, amalume anu ali kumsana.

Komboni imeneyo inakhala pathanthwe. Mvula ikagwa madzi salowa pansi, amangoyala ponseponse, njira ndi bwalo ndi chimbudzi zonse n'kukhala dziwe limodzi. Ndipo m'mbali mwa njira yaikulu yopita kumafakitale munali dzenje, momwe anthu anakumbamo miyala yomangira tauni n'kulisiya kukamwa. Lakuya, anthu aatali awiri kusanjikizana. M'chilimwe unkaliona n'kulilambalala. M'dzinja madzi ankafanana pamwamba, osadziwa kuti njira yathera pati, dzenje layambira pati.

Azimayi tinapita katatu kwa phungu wathu kukapempha kuti alikwirire, kapena angoikako waya. Dzina lake lenileni ndinalumbira kuti silidzatulukanso pakamwa panga. Tinkamutcha Ba Tizaona, chifukwa yankho lake linali lomwelo. Kachitatu anabweradi ndi galimoto, anaima patali kuopa matope pa nsapato, anayang'ana dzenje ngati akuyang'ana nyumba ya eni, n'kunena kuti, "Tizaona, bamayo, tizaona." Amene ankatitsogolera anali mnzanga wa khomo loyandikana, Amake Mwape, mayi wa pakamwa ngati wailesi. Tinkabwerekana mchere, tinkasungirana ana, pobereka amalume anu ndi iyeyo anandigwira msana. Tsiku limenelo anakuwa galimoto ikuchoka, "Tizakuonani naimwe pa voti!" Tonse tinaomba m'manja.

Mvula yoyamba ya chaka cha chisankho inagwa yamphamvu. M'mawa mwake agogo anu anatenga njinga, anamangirira kachitini kawo ka chakudya kumbuyo, anati, "Nayenda." Mawu awo omaliza ndi amenewo. Masana azimayi ochokera kotola nkhuni anaona kachitini kaja kakuyandama pa dzenje. Agogo anu anawavuula ndi mbedza zawaya, njinga inatuluka tsiku lotsatira.

Iwe Chisomo, usandiyang'ane ndi maso a chisoni. Kulira ndinamaliza kalekale. Chimene sichinathe ndi mkwiyo.

Abale awo anafika ndi sitima kuchokera kumpoto. Anawatsogolera ndi mlamu wanga, Ba Kangwa, mkulu wawo wa malemu, pamodzi ndi apongozi anga, amayi awo, nkhalamba yaing'ono yosayankhula ngati mwana wawo. Tsopano mvetserani mwambo umene unalipo, chifukwa inu mukuona akazi amasiye a masiku ano akuvala magalasi akuda kumanda n'kumayankha foni. Mwamuna akamwalira, ankati mkazi watsala ndi mzimu wake pathupi, kuno ankati chibanda. Mpaka abale a mwamuna atakusudzula, kukupaka ufa pamphumi ndi kukumanga mkanda woyera padzanja, iwe sunali munthu. Unkakhala pansi pakona, duku lakuda kumutu. Mbale yako, kapu yako. Osapereka moni wa m'manja, osaphikira munthu, osatuluka kupita pagulu. Ankati amene angakukhudze chibanda chimulumphira, achita misala. Ndipo amene ankanena zimenezi ndi omwewo oimba kwaya Lamulungu, Baibulo kukhwapa.

Katundu yense wa malemu Ba Kangwa anamuika m'thiranki, chibokosi chachitsulo chija, n'kukhoma loko, kiyi n'kumangirira m'khosi. Anati chidzatsekulidwa tsiku logawa katundu, lomwenso adzandisudzule, pakatha mwezi. Ine mutu uli zii ndi maliro, sindinaganize kanthu. Ndinadzakumbuka mochedwa kuti reji yanga ndi khadi langa lovotera zinali m'thumba la m'kati la jekete la agogo anu. Akazi ambiri tinkatero. Mapepala ankasunga ndi bambo, poti m'nyumba zathu zodontha malo ouma anali jekete la kutchalitchi basi.

Ndiye mumve chimene chinanditsiriza. Tsiku loika maliro, kutatsala masabata awiri kuti tivote, Ba Tizaona anabwera. Anatsitsa thumba la ufa anthu onse akuona. Anamupatsa mpata woyankhula, anavula chipewa, anati imfa iyi yamukhudza kwambiri, ndipo tikamubwezera pampando, nkhani ya dzenje aiona. Aiona! Pamaliro a mwamuna wanga, bokosi lili apo, iye akupempha voti. Ine ndili pansi, nkhope yophimbidwa ndi chitenje, azimayi awiri andipanikiza uku ndi uku. Wamasiye sayankhula. Ndinaluma chitenje chija mpaka kuchiboola. Mumtima ndinati, bambo iwe, pakamwa anditseka, koma dzanja ndili nalo.

Tsiku la chisankho linacha kuli mitambo. Ndinkamva anthu akudutsa kuseri kwa nyumba, ena akuseka, ena akuitanizana. Ba Kangwa anatenga kampando n'kukhala pakhomo penipeni. Ndinayankhula ndili pakona panga, mwaulemu, maso pansi.

"Ba mulamu, nipempako kiyi. Makadi yanga yali mu jekete."

Anatembenuka ngati wayankhula ndi mphaka. "Makadi ya chani?"

"Nifuna kukavota."

"Awe! Imwe muli na chibanda, mufuna kukapatsa bantu bonse ba mu komboni? Mwamuna wanu akalibe kuola na kuola, imwe muganiza vya voti?"

Ndinati, "Ni voti yamene inamupaya. Tinasanka muntu olakwika."

Anaimirira, chala chili m'mwamba. "Mvelani, mulamu. Mukachoka pa komo apa lelo, ise mailo tikwela sitima. Sitizakusudzulani. Muzankala nacho chibanda mpaka kufa. Tizaona ngati kuli wamene azagula chitumbuwa mu manja mwanu."

Mawu amenewo sanali ongoopseza, ana inu. Ine ndinkadya ndi manja angawa. Mkazi wosasudzulidwa ndani akanamugula chakudya? Ndinali ndi ana awiri, mwamuna ndilibe, bambo anga atakalamba. Ndinakhala pakona paja m'mawa wonse, masana onse, ndikuwerenga mapazi a anthu odutsa. Ndikaganiza ana, mtima unkati khala pansi. Ndikaganiza chipewa cha Ba Tizaona atachigwira pachifuwa pamanda, mtima womwewo unkati nyamuka.

Chimene chinandithandiza ndi mowa. Tsiku la voti mabala ankatseka, ndiye pofika cha m'ma fili koloko kukhosi kwa Ba Kangwa kunauma. Anamva kuti kuseri kwa msika kuli mayi wina akugulitsa kachasu mobisa. Anauza apongozi kuti andiyang'anire, n'kunyamuka, kiyi ali m'khosi.

Ndinaimirira. Miyendo inachita dzanzi, masabata awiri ndili pansi. Ndinapita kuseri kwa chitseko n'kutenga munsi. Apongozi anali pamphasa, amalume anu ali pamiyendo pawo. Anandiyang'ana, anayang'ana munsi, anayang'ana thiranki. Ndinadikira kuti akuwe. Iwo anangotembenuka pang'onopang'ono, nkhope kuloza kukhoma, n'kuyamba kumuimbira mwana. Ndinamenya loko katatu, kachinayi anathyoka. Fungo la agogo anu linatuluka m'bokosimo, sopo ndi utsi wa zitsulo, ndinangotsala pang'ono kugwa. Ndinapisa m'jekete, ndinatenga makadi anga awiri okha, china chilichonse sindinakhudze.

Potuluka ndinapeza Amake Mwape ali pakhomo pake akuluka mwana tsitsi. Atandiona anabwerera m'mbuyo, mwana n'kumukokera kumbuyo kwake.

"Mayo! Muyenda kuti imwe?"

"Kukavota. Tiyeni."

"Ine nayenda kudala, kuseni-seni. Nenze oyamba pa laini."

Ndinati zikomo mnzanga, mtima unakhalako pansi. Ndinati ngati Amake Mwape wapita, ndiye kuti azimayi onse a mzere wathu apita.

Nsapato ndinalibe, Ba Kangwa anazitsekera kwina. Ndinayenda chosavala kumapazi m'madzi ofika m'mawondo, makadi nditawaluma pakamwa kuti asanyowe. Njira yake inali yomweyo ya padzenje. Sindinayang'aneko. Ndinafika pa holo ya tchalitchi pomwe tinavotera ulendo wapita, thukuta lili kamukamu. Munthu wa pakhomo, mlendo wosandidziwa, anayang'ana khadi n'kunena kuti, "Mama, nambala iyi si ya pano. Imwe banakupelekani ku sukulu." Kusukulu, kutsidya kwa msika! Anasintha malo osatiuza, kapena anauza anthu ine ndili pakona. Amatseka faifi koloko. Ndinakwinya chitenje n'kuthamanga. Pamsika ndinaterereka, ndinagwa chagada m'matope a makabichi owola, ana n'kumaseka. Makadi sanagwe, mano anga anali olimba nthawi imeneyo.

Inu mukuti mzere umatalika. Mzere umene ndinaupeza pasukulu paja unachoka pakhomo la kalasi, kuzungulira bwalo la mpira, mpaka pageti. Anthu anabwera mochedwa podikira kuti mvula ipite. Munali zonse zimene zimakhala pamzere wa voti. Mdala wina anabwera ndi khadi la kuchipatala m'malo mwa lovotera, akukangana ndi wapolisi kuti chithunzi n'chake ndithu. Mayi wina anabwereka mwana wa mnzake kuti amulowetse kutsogolo, mwanayo n'kumalira kuitana amake enieni amene anali pamzere womwewo. Ine ndinaima kumapeto mwakachetechete, duku nditalikokera kumaso, matope thupi lonse. Palibe anandizindikira. Ndinkangopemphera kuti ndifike pabokosi Ba Kangwa asanabwerere kunyumba.

Sizinatheke. Nditangoyendako pang'ono ndinamva mawu kugeti.

"Uyo! Uyo wa duku yakuda! Mugwileni!"

Anali Ba Kangwa, maso ofiira, akudzandira, loko wothyoka ali m'manja. Wapolisi anamuletsa kulowa, iye n'kukwera pamwala kuti onse amumve.

"Bantu imwe! Uyo mukazi ni wamasiye! Mwamuna wake ni uja anafela mu chimugodi! Sitinamusudzule! Ali na chibanda!"

Anafuna kundichititsa manyazi kuti ndibwerere ndekha. Mayi amene anali patsogolo panga anatembenuka, anandiyang'ana, anati "Yesu!" n'kulumphira m'madzi. Wotsatira naye anatero. Bambo wina wa tayi anagwetsa ambulera osaitola. Uja wobwereka mwana anathawa mwana n'kumuiwala. Ana inu, ndinaona ndi maso angawa mzere wonse ukung'ambika pakati, anthu akukanikizana kumpanda, ena mpaka kukwera pawindo. Kuchokera pomwe ndinaima mpaka pakhomo la kalasi panatseguka njira yoti ngolo n'kudutsa.

Ba Kangwa anakuwa, "Ba polisi, mugwileni!"

Wapolisi anayang'ana ine, anayang'ana manja ake, n'kuwaika kumbuyo. Anati, "Mugwileni imwe, ni mulamu wanu."

Nayenso Ba Kangwa sakanandigwira. Mwamuna yense uja, ndi kachasu yense uja, ankandiopa kuposa onse.

Musaseke kwambiri. Lero n'zoseketsa, tsiku limenelo zinkawawa. Anthu amenewo ndinkawadziwa mmodzimmodzi. Ena anadya vitumbuwa vyanga zaka ndi zaka, ena tinkakhala benchi limodzi kutchalitchi. Onse akundithawa ngati galu wachiwewe. Misozi inabwera, koma ndinaibweza. Ndinati chabwino, mwandipatsa njira, ndidutsa. Ndinakweza duku, ndinawongola msana, ndinayenda pakati pawo pang'onopang'ono, ndikuwayang'ana m'maso.

M'kalasimo anali atamva zonse. Kalaliki woona mayina anali mphunzitsi wa komboni yomweyo. Nditamupatsa makadi sanawalandire, anati ndiike patebulo, n'kuwakoka ndi lula. Anapeza dzina langa, analidula mzere. Pambali pake panali mayi wogwira anthu chala chachikulu n'kuchiviika mu inki, kuti munthu asavote kawiri. Inki yake inali yosachoka, ngakhale ukwechese ndi mwala inkakhala sabata yathunthu ndi kupitirira. Mayiyo anakankha botolo ndi pensulo n'kunena kuti, "Vikani mweka, mama." Ndinaviika ndekha, chala chonse mpaka m'tsinde, inki n'kudonthera pa mapepala awo. Sindinapepese.

Anandiponyera mapepala awiri. Ndinalowa kuseri kwa kansalu. Pensulo ya pachingwe ija inali yothyoka nsonga. Ha! Ndathyola loko, ndataya ukwati, ndataya msika, kuti ndidzagonje kwa pensulo? Ndinaisongola ndi mano, ndikulavula timitengo pansi. Ba Tizaona chithunzi chake chinali ambulera. Amene ankalimbana naye kwambiri anali mphunzitsi wina wopuma ntchito, wa wilibala. Sindinkamudziwa bwino, sindinganame kuti anali mngelo. Ndinachonga pa wilibala mokanikiza mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka, ndinachita kudziletsa kuti lingaonongeke. Pa pepala linalo, iwe Dalitso ukufuna kudziwa, eti? Tsiku limenelo chule anapeza voti yanga koyamba. Ndinapinda, ndinaponya m'mabokosi, ndinamva kuti pepala lagwera pa anzake.

Ndikutuluka ndinamva mkangano kumbuyo. Anthu anakana kulowa mpaka asinthe pensulo. Wamkulu wa pamalopo anadula chingwe ndi lezala, anainyamula ndi pepala n'kuitaya pawindo.

Ba Kangwa sananame. M'mawa mwake anapakira thiranki, bedi, njinga ija yovuulidwa m'dzenje, mapoto, mpaka simbi yamakala imene anandipatsa bambo anga. Ananyamuka osandipaka ufa, osandimanga mkanda. Apongozi anatuluka omaliza. Sanandiyankhule, pamaso pa mwana wawo sakanatha. Koma atapita ndinapeza bulangete lawo atalipinda bwinobwino pakona panga paja, ndipo nkhalamba imeneyo sinkaiwala kanthu. Ndi limene tinafunda ndi ana dzinja lonse.

Zotsatira zinatuluka patapita masiku awiri. Wailesi mumzere wathu inali kwa Amake Mwape kokha. Anthu anadzaza m'nyumba mwake, ine ndinaima panja patali, poti sindikanaloledwa kulowa. Ndinamva dzina la dera lathu. Ndinamva dzina la bambo wa ambulera uja. Anapambana. Anapambana ndi mavoti ochepa, oti ukanayenda m'mizere ingapo ya nyumba zathu ukanawatolera dzuwa lisanalowe. Wa pawailesi anawonjeza kuti anthu ambiri sanapite kukavota.

Azimayi anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Amake Mwape anaima pakhomo pake, anandiona, anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Pepani mwandi. Bantu aba ni bakawalala, baba mavoti."

Ine sindinkamva zimene ankanena. Ndinkayang'ana manja aja ali pakamwa. Changa chala chinali chikadali bii mpaka m'tsinde. Chake chinali choyera ngati cha khanda.

Ndinati, "Amake Mwape, nionetseni chala."

Anabisa manja m'chitenje.

"Munati munali oyamba pa laini."

"Mvula, mwandi... na bana... Nanga voti imodzi ingachite chani? Chipani ni chimodzi chabe."

Ndinayang'ana ena aja. Amake Jeni, choyera. Amake Tobiyasi, choyera. Onse amene tinapita nawo katatu kwa phungu, onse amene anaomba m'manja galimoto ikuchoka. Azimayi amenewa anagona pansi m'nyumba mwanga masiku asanu ndi limodzi, akulira mwamuna wanga mpaka mawu kusasa. Kulira anatha. Kuima pamzere maola awiri, ayi.

Chaka chimenecho palibe anagula chitumbuwa changa ngakhale chimodzi. Ndinayesa sabata imodzi, ndinkabwerera nalo beseni lodzaza, ana n'kudya mpaka kudwala m'mimba. Ndinasiya. Ndinapita kukaphwanya miyala ndi hamala, poti mwala sufunsa kuti waugwira ndani. Ndipo malo ophwanyira miyala anali pomwepo, m'mphepete mwa dzenje lija. Tsiku ndi tsiku ndinkakhala pamenepo, amalume anu kumsana, fumbi m'maso. Zala zopindikazi zimene mumaziseka ndikamalephera kudina foni zinapindikira pamenepo. Mvula isanabwerenso ndinazika timitengo kuzungulira dzenje n'kumangirira nsanza zofiira, ndekha. Bambo anga analemba makalata kumpoto mpaka anatopa, ndipo patatha chaka apongozi anatumiza mchimwene wawo wokalamba, anadzandipaka ufa uja n'kubwerera tsiku lomwelo. Ba Tizaona tinadzamugwetsa chisankho chotsatira. Zaka zisanu zimenezo dzenje linadya anthu ena awiri, mmodzi anali mwana wa sukulu.

Mukandifunsa ngati ndinadandaula kuti ndinathyola loko, ayi. Ndinaluza, inde, ndipo ndinalipira ndi chaka chathunthu cha moyo wanga. Koma ine ndinamuyankha phungu uja. Ba Kangwa ndinawakhululukira, anali munthu wamantha ndi womwa, ankakhulupiriradi zimene ankanena. Ngakhale Ba Tizaona, wakuba amaba, ndiyo ntchito yake, wolakwa ndi amene amamusiyira chitseko. Amene sindinamukhululukire ndi uja anali ndi khadi m'manja, nsapato kumapazi, wopanda womuletsa pakhomo, n'kukhala pansi kumaluka tsitsi. Ndiye dzulo ndimve mawu ake omwewo akutuluka pakamwa pa mdzukulu wanga, pakhonde panga, atakhuta chakudya changa!

Amake Mwape tinakhala makomo oyandikana zaka zina khumi ndi ziwiri. Anayesa kunditumizira ndiwo, ndinkabweza. Anatuma akulu a mpingo, ndinawalandira bwino, ndinawapatsa munkoyo, anapita. Abusa anati ndikuchimwa, ndinati ndikudziwa. Sindinamuyankhulenso mpaka anamwalira.

Pamaliro ake ndinapita. Ndinagona pansi masiku onse, ndinalira zenizeni, chifukwa anali mnzanga ndipo ndinkamukonda. Tsiku loika, atatsekula bokosi kuti tione nkhope, ndinaima pamzere ndi anzanga. Anamuveka zoyera za chigwirizano cha amayi, manja atawapingasa pachifuwa. Onse ankayang'ana nkhope n'kumadutsa. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinayang'ana chala.